Chithunzi Chimene Chinadikira Pamzere

Leticia anamva ngati wina wamuthira madzi a mufiriji kumsana. Anzake ankakoperabe zapabolodi, koma iye bolopeni inamupulumuka m'manja n'kugubuduzikira pansi pa desiki.

"Mwati bwanji aphunzitsi?" anafunsa.

A Shadrick, mphunzitsi wa kompyuta wa Fomu 2, anasasa choko m'manja. "Ndati nonse amene munkadandaula kuti ntchito zanu sizinatuluke sabata yatha, mitima pansi. Kwabwera katswiri kudzakonza pulinta. Palibe chatayika. Chilichonse chimene munatumiza chili pamzere mu seva, chikungodikira. Zikangotheka, zonse zituluka lero lomwe, aliyense dzina lake pamwamba. Akutolera mapepala sabata ino ndani?"

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, dzanja linakwera pang'onopang'ono. Linali la Eliness.

Koma abale, tsoka likafuna munthu! Kuti mumvetse chimene chinkamutulutsa thukuta Leticia m'mawa wozizira ngati umenewo, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Pasukulu ya pulayiveti imeneyi ya ku Area 9 panali pulinta imodzi yokha, ndipo inkakhala mu ofesi ya mlembi wa sukulu. Ukatumiza ntchito kuchokera m'chipinda cha makompyuta, inkakatulukira kumeneko, patsogolo pake pali tsamba lolembedwa dzina lako m'zilembo zikuluzikulu. Pofuna kuti ana asamadzadze mu ofesi, kalasi iliyonse inkasankha mmodzi sabata iliyonse woti azikatenga mapepalawo n'kugawira eni ake.

Eliness anali wachilendo, anabwera teremu yomweyo. Anali wofatsa, wa yunifolomu yosita bwino nthawi zonse. Atamufunsa kumene amakhala anangoti, "Ku Area 11," osawonjezera kanthu. Basi atsikana anamumangira okha nyumba m'mitu mwawo: yosanja, ya kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala, ya agalu onenepa kuposa anthu. Leticia, amene kalasi yonse inkamudalira pa nkhani za eni, zinkamupweteka kuti za Eliness sankadziwa kalikonse.

Ndiye Loweruka lina akupita ndi mayi ake ku bulaido shawa ku Area 11 komweko, galimoto inachepetsa liwiro pa hampu. Leticia anasuzumira pazenera. Pageti lalikulu lakuda panaima bambo wovala yunifolomu ya ulonda, chibonga chili m'khwapa. Patsogolo pawo, mtsikana wa chitenje ndi mapatapata ankawapatsira kontena ya chakudya atanjuta. Bambowo anamugwira pamutu, ndipo Leticia anamva bwinobwino mtsikanayo akuti, "Mudye kadakali kotentha, ababa." Anali Eliness! Foni inatuluka m'chikwama mwa liwiro la mphezi.

Lachinayi pa phunziro la kompyuta, iye ndi mnzake Lisa anaika chithunzicho mu foda ya Leticia kuchokera pa fulashi. Pansi pake Leticia analemba kuti: ONANI MABWANA A KU AREA 11. NYUMBA NDI YA ENI, IWO LAWO NDI GETI. Anaseka mpaka misozi. Mapulani anali osavuta. Sabata imeneyo wotolera mapepala anali Lisa, ndiye chithunzicho chikanafika m'manja mwawo popanda wina kuchiona, n'kukachimata kuseri kwa chitseko cha chimbudzi cha atsikana. Leticia anadina kuti chituluke. Lisa anathamangira ku ofesi n'kubwerako chimanjamanja. Anadinanso. Ziii. Anadina, anadina, anadinanso mokwiya ngati akupha nyerere, mpaka belu linalira.

Tsiku lotsatira zinthu zinatembenuka. Leticia ataimirira kuti akafufute bolodi, anamva wina akumukoka siketi. Eliness anamunong'oneza kuti, "Usatembenuke, kumbuyoku kwadetsedwa." Anavula juzi yake, anamumangirira m'chiuno, n'kumuperekeza kwa metuloni akuyenda pambuyo pake penipeni kuti anyamata asaone. Sanauze munthu. Leticia ankadziwa kuti akanakhala iye, nkhaniyo ikanafika ku Fomu 4 belu lisanalire. Masana omwewo anafufuta chithunzi chija mu foda, pa fulashi ndi mufoni momwe. Anapuma mpweya wautali, n'kumati zatha.

Kani sizinathe. Zinangokhala pamzere.

Tibwerere tsono ku m'mawa uja. Phunziro litangotha, Leticia anathamangira a Shadrick pakhonde. "Aphunzitsi, munganditsegulire chipinda cha makompyuta pang'ono? Ndikufuna ndikonze kanthu."

"Lero ayi. Katswiri wanena kuti wina asakhudze kompyuta iliyonse mpaka amalize. Komanso ine ndikulowa mumsonkhano wa aphunzitsi." Anapita akugwedeza makiyi m'thumba.

Anatembenukira kwa Lisa. "Iwe, tipange bwanji?"

"Tipange? Ndani ndi ndani?" Lisa anakweza mapewa akusenda nthochi. "Patsamba paja padzalembedwa Leticia. Ine dzina langa palibepo, mayi."

"Koma unaseka nawo!"

"Kuseka sikutuluka mu pulinta."

Nthawi ya buleki, Leticia anagogoda pa ofesi atagwira chipumi. Mlembi wa sukulu anali Mayi Bernadetta, ndipo apa ndi pamene panali vuto lina. Mayiwa ankaimba kwaya imodzi ndi mayi ake a Leticia, ndipo pa nkhani ya pakamwa, Leticia anali mwana wa sukulu ya mkaka poyerekeza ndi iwo. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, madzulo inkakhala itakwera kale minibasi ya ku Old Town.

"Mutu, mayi," anatero Leticia.

"Mutu wa Lolemba timaudziwa. Imwa kamankhwala aka, ukhale apo mpaka uleke."

Benchi imene anamulozera inali pafupi ndi pulinta. Pansi, pa simenti penipeni, panakhala mtsikana wamkulu wa jinzi ndi tsitsi loluka, laputopu ili pamiyendo. Ameneyu ndiye anali katswiri uja, a Chigomezgo. Pambali pawo panali kabokosi kotuwa, kochepa ngati sopo wochapira, kolumikizidwa ku pulinta. Kumbuyo kwake kunkatuluka waya wabuluu wolowera kukhoma, ndipo kutsogolo kanyali kofiira kankaphethira.

Leticia, ngakhale ali pamoto, pakamwa sipankamulola kukhala chete. "Anti, ndiye chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe chawonongeka," anayankha a Chigomezgo osakweza mutu. "Ukuona kabokosi aka? Aka ndi mesenjala wa pulinta. Inu mukatumiza ntchito sizibwera kuno mwachindunji. Zimakafola mu seva, kompyuta yaikulu ija imene imasunga mafoda anu. Kabokosika kamayenera kulowa mu seva ngati mmene umalowera iwe, ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Kakalowa, kamatenga ntchito imodziimodzi n'kumapatsa pulinta."

"Nanga kalekeranji?"

"Amene ankasamala makinawa kale anasintha pasiwedi ku seva, n'kuiwala kukauza kabokosi. Poti kanali kali m'kati kale, palibe anazindikira. Magetsi atazima Lachitatu kanatulukamo. Pobwerera kakunena pasiwedi yakale, seva ikuti sindikukudziwa."

"Ndiye... kakapanda kulowa?"

"Mzere ungokhala pomwepo."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalowe."

A Chigomezgo anaimbira foni munthu amene ankasamala makinawo kale uja. "A Levison, ndili pasukulu panu pakale paja. Pasiwedi ya pulinta munaika chiyani?... Simukukumbuka? Tayesani kuganiza, akulu." Anamvetsera, analemba pa laputopu, anadina. Leticia anatseka maso n'kuyamba pemphero limene sanalipempherepo chibadwire: Ambuye, kakanidwe.

Kanyali kanaphethira, kanaphethira, n'kukhalabe kofiira.

"Yakana," anatero a Chigomezgo pafoni. "Ina?" Analembanso. Kofiirabe.

Mtima wa Leticia unayamba kuvina. Mutu umene sunkamupweteka uja unatsala pang'ono kupola.

"Basi a Levison, zikomo, tisangolotera. Tikapitiriza seva itsekeratu dzinali." Anadula foni n'kuimirira. "Mayi, ndibwerekeni kiyi wa kachipinda ka seva. Ndikaika pasiwedi yatsopano kumeneko, kenako ndidzaika yomweyo m'kabokosi. Zikafanana, basi kalowa."

Mavinidwe aja anathera pomwepo.

A Chigomezgo atatuluka, foni ya Mayi Bernadetta inalira. Anatembenuzira mpando kuzenera n'kutsitsa mawu, kutsitsa kwake kwa iwo kumene kunkamveka mpaka pakhonde. "Eee, anzanga, ndamva! Akuti mpaka katundu anamutayira panja... Ayi, ine sindinena za eni, koma..."

Leticia anayang'ana waya wabuluu uja. Unkadutsa pafupi ndi phazi lake. Anayang'ana msana wa Mayi Bernadetta, anayang'ana chitseko. Kenako anakola wayawo ndi nsonga ya nsapato n'kukoka pang'ono. Unangoti thu, n'kugwera kuseri kwa kabati. Kanyali kofiira kanazimiratu. Anabweza phazi msangamsanga n'kugwiranso chipumi.

A Chigomezgo anabwerera akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Anakhala pansi, analemba, anadikira. Anakwinya nkhope.

"Ii, nanga kapita kuti? Sikakuoneka n'komwe pa netiweki." Analembanso. "Mayi, mwina kabokosika kanapsa ndi magetsi aja. Zikakhala choncho ndikatenga, ndikakayese ku shopu kwathu ku Old Town. Ndiye kuti mpaka sabata yamawa."

"Sabata yamawa!" Mayi Bernadetta anaika foni pachifuwa. "Mayeso a pakati pa teremu ndiwalemba pamanja ine?"

Leticia analuma mlomo kuti chimwemwe chisaonekere. Sabata yonse! Mawa lomwe akanachonderera a Shadrick, n'kupeza njira yochotsera chinthucho pamzere.

A Chigomezgo anagwada kuti azule kabokosiko. Dzanja lawo linapapasa kumbuyo kwake, n'kuima. Anasuzumira kuseri kwa kabati n'kutulutsa waya uja. Anauyang'ana, kenako anayang'ana nsapato ya Leticia, imene inali ndi kamzere ka fumbi pansonga. Anabwezera wayawo m'malo mwake, kanyali kofiira n'kuyambanso kuphethira.

Kenako anasendera pafupi ndi benchi n'kulankhula motsitsa. "Mng'ono wanga, uli ndi kanthu pamzere kamene sukufuna katuluke?"

Leticia anabisa nsapato ija pansi pa benchi.

"Tamvera. Ine pano ndikuona maina okha, za m'kati sindikuziona. Ndiwe Leticia eti? Dzina lako ladzadza mzere wonse. Kuchotsa ndi ntchito ya kamphindi, koma ine ndine mlendo pano, sindingafufute ntchito ya mwana wa sukulu popanda eni sukulu kuvomereza. Auze mayiwa kuti n'chiyani. Akangogwedeza mutu, ndichotsa."

"Kanthu kanji?" Mpando wa Mayi Bernadetta unali utatembenuka kale. Makutu amenewo sankaphonya kunong'ona. "Leticia, watumiza chiyani?"

Leticia anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi, pammero penipeni. Koma m'maso mwake anaona kwaya ya Lachinayi, azimayi atazungulira Mayi Bernadetta kuseri kwa tchalitchi. Anawamva akuti, "Mwana wa uje uja, amene mayi ake amatsogolera nyimbo..." Anaona mayi ake akulowa m'nyumba nkhope ili gwa. Iye amene ankanyamula nkhani za anthu tsiku ndi tsiku ankadziwa bwino mmene nkhani imanenepera ikamayenda. Ndipo kamtima kena kanamunong'oneza kuti, kabokosika kakanidwa kale kawiri konse, mwina kakanidwanso.

"Palibe, mayi. Ndi homuweki chabe. Ndinangodina kambiri."

A Chigomezgo anamuyang'ana nthawi yaitali. Analemba pasiwedi yatsopano ija, chala n'kuima m'mwamba pa batani.

"Watsimikiza?"

"Eee, anti."

Chala chinatsika.

Kanyali kanaphethira kofiira. Kanaphethiranso. Kenako kanasanduka kobiriwira, n'kukhazikika, osaphethiranso.

"Kalowa," anatero a Chigomezgo.

Pulinta inadzuka ngati galu amene wamva geti. Inalira, inakoka pepala, ndipo nthawi yomweyo pachitseko panamveka kugogoda.

"Odi, mayi. Ndabwera kudzatenga mapepala a Fomu 2."

"Lowa Eliness, wafika nthawi yake," anatero Mayi Bernadetta.

Eliness analowa, ndipo ataona Leticia pabenchi nkhope yake inasintha. "Iwe, wadwala? Ndakhala ndikukusakasaka buleki yonseyi."

"Mutu," anayankha Leticia. Mawuwo anatuluka ngati a mwana wa mphaka.

Eliness anaima pa pulinta n'kuyamba ntchito yake mwadongosolo. Tsamba la dzina, ntchito yake, n'kuika pambali. "Harold... mapu a Africa. Alesi... chimangirizo. Mavuto... ii, Mavuto analemba mizere iwiri yokha." Anaseka pang'ono. Mulu unkakula. Leticia ankawerenga mainawo m'mutu. Onsewa anatumiza Lachinayi m'mawa, iye asanatumize. Ndiye kuti wotsatira...

Anadzambatuka. "Anti, imitsani! Chonde imitsani, ndinena, ndinena zonse!"

A Chigomezgo anagwira laputopu msanga, koma pepala linali litatuluka kale, lofunda, zilembo zake zazikulu ngati za pa chikwangwani: LETICIA. Eliness analitenga akumwetulira. "Zako izi zafika." Anatambasula dzanja kulandira lotsatira.

Linatuluka pang'onopang'ono, kuyambira kumutu. Geti lakuda. Chipewa cha mlonda. Dzanja lili pamutu pa mtsikana. Kontena. Mapatapata. Kenako mawu aja.

Mu ofesi munangoti zii, kupatula pulinta imene inakoka pepala lina. LETICIA. Geti lakuda. Chipewa cha mlonda.

Mayi Bernadetta anaimirira, anavala magalasi, anawerenga kudzera paphewa la Eliness. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito pasukulupo, anasowa chonena. Anangoti, "Mayo ine."

"Ndiimitse?" anafunsa a Chigomezgo motsitsa, ndipo sankafunsa Leticia.

Eliness anayang'anitsitsa chithunzicho. Anagwira pepalalo ndi manja awiri.

"Eliness, ndinafufuta," Leticia anayamba kulakatika. "Mulungu akuona, ndinafufuta Lachisanu. Sindinkadziwa kuti zimatsalira. Zinali zocheza chabe, ndiponso Lisa ndi amene anati, ayi, ndikutanthauza kuti tonse, koma ine sindinaonetse munthu, ngakhale mmodzi, ufunse..."

"Unandifunsapo kuti bambo anga amagwira ntchito yanji?" anafunsa Eliness, maso ali papepala.

"Ayi."

"Ndikanakuuza. Timakhala kuseri kwa nyumba imeneyi. Ku Area 11 komweko." Dontho la msozi linagwera pa geti lakuda lija, iye n'kulipukuta msanga ndi chala kuti inki isafalikire. Kenako anatembenukira kwa a Chigomezgo. "Musaimitse, anti. Zisiyeni zituluke zonse."

"Mwanawe, ukudziwa chimene ukunena?" anafunsa Mayi Bernadetta.

"Eee, mayi. Ndibwerekeni sizasi."

Mayi Bernadetta anatsegula dilowa n'kumupatsa, akumuyang'ana mwamantha pang'ono. Eliness anayala pepalalo patebulo. Anadula mosamala, mowongoka, pakati pa mapatapata ndi mawu aja. Chithunzi anachiika kumanzere, kachidutswa ka mawu kumanja.

"Ababa alibe chithunzi china kupatula cha pa chiphaso, ndipo pamenepo anakwinya nkhope ngati awakakamiza," anatero. "Apa akuseka. Ine ndikamawapatsira chakudya ndimakhala nditawerama, ndiye sindinkadziwa kuti amaseka chonchi."

Anatenga pepala lachiwiri n'kudulanso. "Ichi ndimata kunyumba. Ichi cha agogo ku Mitundu. Ichi cha azakhali." Sizasi inkangoti tsekete, tsekete.

Atadula angapo, anasonkhanitsa tizidutswa ta mawu tija, anapita pabenchi, anatenga dzanja la Leticia n'kulitambasula.

"Zithunzizi ndi zanga. Mawuwa ndi ako. Usunge."

Leticia anayang'ana m'manja mwake. NYUMBA NDI YA ENI. NYUMBA NDI YA ENI. NYUMBA NDI YA ENI. Anafuna kunena pepani, koma mawuwo anaoneka aang'ono kwambiri moti anachita nawo manyazi.

"Khala pompo, Leticia," anatero Mayi Bernadetta, mawu awo atabwerera. "Ahedi akangotuluka mumsonkhano, ulowa nazo zimenezo m'manja momwemo. Ndipo mayi ako sakamva kwa ine. Ukawauza wekha."

A Chigomezgo anatseka laputopu n'kuyamba kukulunga mawaya awo mwakachetechete. Panja belu linalira, ana n'kumathamangira m'makalasi akuphokosera. Eliness sanasunthe. Anabwerera pa pulinta n'kuima chilili, sizasi ili m'manja, kudikira.

Pulinta inakoka pepala lina. Leticia anatambasulanso dzanja.